Matikiti a mpikisano wa Big East: gulani msanga

Amene muli ku America ndipo mukufuna kukaonera mpikisano wa basketball wa Big East, ligi ya matimu a mayunivesite, pabwalo la Madison Square Garden mumzinda wa New York mu Marichi, musadikire kuti mudziwe kaye tsiku limene timu yanu idzasewere. Ndondomeko ya masewera imadziwika ligi ikatha, kutangotsala masiku ochepa, ndipo pamenepo mipando yabwino imakhala itapita kale.

Mpikisanowu wakhala ukuchitikira pabwalo limeneli kuyambira 1983. Matimu alipo 11, amayamba Lachitatu, ndime yomaliza n'kukhala Loweruka. Matikiti amagulitsidwa m'zigawo, ndipo chigawo chimodzi nthawi zambiri chimakhala ndi masewera awiri. Ine ndimalangiza kugula tikiti ya zigawo zonse, chifukwa timu yanu kaya isewere masana kaya usiku, malo muli nawo.

Yambani mwafunsa ku ofesi ya matikiti ya yunivesite imene mumaisapota, kaya ndi Villanova, UConn kapena Creighton. Sukulu iliyonse imalandira matikiti ake, koma imayamba kupatsa amene ali ndi matikiti a nyengo yonse ndi amene amathandiza zamasewera ndi ndalama. Mukachedwa, mudzagula kwa ogulitsanso pamtengo wokwera.

Timu yanu ikagonja Lachinayi, matikiti a Lachisanu ndi Loweruka mukhoza kuwagulitsa pa intaneti kudzera pa Ticketmaster, tsamba logulitsirapo matikiti. Amene thumba n'lopepuka, nthawi yogula ndi imeneyo, chifukwa masapota a matimu ogonja amafuna kubwerera kwawo msanga.

Hotelo ku Manhattan, dera limene kuli bwaloli, sungitsani mwamsanga, koma sankhani yolola kusintha masiku popanda chindapusa.