Musanaphatikize ngongole zanu, werengerani kaye zonse zimene mudzabweze

Munthu amene ali ndi ngongole zinayi amadziwa bwino tsiku limene wobwereketsa aliyense amayamba kuimba foni, koma mukamufunsa kuti zonse pamodzi zikukwana zingati, amayamba kuyang'ana kumwamba. Ntchito yothetsa ngongole imayambira pomwepo. Tengani kope ndi cholembera, ngongole iliyonse muilembe pamzere wake: mwini wake ndani, yatsala ndalama zingati lero, chiwongoladzanja chake ndi chotani, mumapereka zingati pamwezi, kwatsala miyezi ingati, ndiponso ngati munaperekapo chikole. Musasiye ija munatenga kwa mbale wanu, kapena zing'onozing'ono zobwereka pafoni. Zimenezo ndi zimene anthu amaziiwala mwadala. Ngati simukudziwa ndalama yeniyeni imene yatsala, pemphani wobwereketsayo akupatseni sitetimenti, musangodalira zapakamwa.

Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi ongoyerekezera, inu muikepo ndalama ya kwanu ndi chiwongoladzanja chimene chili pa mapepala anu.

Choyamba kuchimvetsa ndi kawerengedwe ka chiwongoladzanja, chifukwa ngongole ziwiri zikhoza kulembedwa 20 peresenti zonse, koma kulemera kwake n'kukhala kosiyana kwambiri. Obwereketsa ena amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, kuchokera mwezi woyamba mpaka womaliza, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Ena amawerengera pa ndalama yokhayo imene yatsala mwezi umenewo. Tiyerekeze mwabwereka 120,000 pa 20 peresenti pachaka, yobweza m'miyezi 12. Pa njira yoyamba ija chiwongoladzanja ndi 24,000, ndipo muzipereka 12,000 mwezi uliwonse. Pa njira yachiwiri muzipereka pafupifupi 11,116 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chonse chingokwana pafupifupi 13,400. Kunena kwina, 20 peresenti yowerengedwa pa ndalama yonse ija ikufanana ndi pafupifupi 35 peresenti yowerengedwa pa zotsala. Ndiye musamangomva nambala. Funsani kuti, "Kodi chiwongoladzanjachi mukuwerengera pa ndalama yonse kapena pa yotsala?"

Funso lachiwiri ndi loti peresentiyo ndi ya pamwezi kapena ya pachaka. Apa ndi pamene akatapila ndi ngongole zamsangamsanga amapezera anthu. Kumva kuti 10 peresenti kumaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma ikakhala ya pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chosalipidwa chikumaphatikizidwa ku ngongoleyo n'kumaberekanso chinzake, 100,000 imafika pafupifupi 314,000 chaka chikamatha. Pali kawerengedwe kachidule kothandiza pamenepa: gawani 72 ndi peresenti ya chiwongoladzanjacho, yankho lake likuuzani nthawi imene ngongole yosakhudzidwa imatenga kuti iwirikize kawiri. Pa 10 peresenti pamwezi, ndi miyezi 7 yokha ndi masiku pang'ono.

Mndandanda ukatha, onani kaye ngongole zimene mukazilephera mutaya chinthu chachikulu: imene munaperekera chikole cha nyumba, malo, galimoto kapena chida chimene mumapezera ndalama. Zimenezi zisadumphe mwezi ngakhale umodzi, ngakhale chiwongoladzanja chake chikhale chochepa. Wobwereketsa amene amakalipa kwambiri pafoni si amene ayenera kulipidwa poyamba nthawi zonse. Ena amakalipa chifukwa choti alibe china chogwira.

Pa zotsalazo pali njira ziwiri, ndipo zonse zimayamba mofanana: ngongole iliyonse muzipereka ndalama yochepetsetsa imene munagwirizana, kenako ndalama iliyonse yapamwamba imene mwapeza muiponye pa ngongole imodzi yokha. Njira yoyamba imati yambani ndi ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Pamasamu, imeneyi ndiyo imapulumutsa ndalama zambiri. Njira yachiwiri imati yambani ndi ngongole yaing'ono kwambiri, muithetse msanga, mtima ukhale pansi, kenako mupite pa yotsatira. Imadula pang'ono, koma anthu ena amafunika kuona mzere umodzi utafufutidwa m'kope kuti asagwe ulesi. Ine ndimalangiza njira yoyamba ngati pali ngongole ya chiwongoladzanja cha pamwezi, chifukwa imeneyo siidikira kuti mtima wanu ukhale pansi. Ngati ziwongoladzanja zonse zili zoyandikana, sankhani imene mukudziwa kuti muipirira. Chachikulu n'choti ngongole imodzi ikatha, ndalama imene mumapereka kumeneko isalowe m'zogulagula. Iwonjezereni yonse pa ngongole yotsatira, ndipo mwezi ndi mwezi ndalama yobwezera izikulirakulira pamene malipiro anu sanasinthe.

Tsopano za kuphatikiza ngongole. Apa mumatenga ngongole imodzi yatsopano, n'kulipira nayo zakale zonse, n'kutsala ndi wobwereketsa mmodzi, tsiku limodzi lolipira, ndi chiwongoladzanja chimodzi. Dziwani kuti ngongoleyo sinathe ndipo sinachepe. Yangosamuka. Phindu limakhalapo pokhapokha ngati ndalama zonse zimene mudzabweze pomaliza zichepa, ndipo ambiri sayang'ana pamenepo. Amayang'ana ya pamwezi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Muli ndi ngongole zitatu zokwana 600,000, chiwongoladzanja chake chapakatikati chikufika 36 peresenti pachaka chowerengedwa pa zotsala, ndipo zonse zitha m'miyezi 24. Mukapitiriza momwemo, muzipereka pafupifupi 35,400 pamwezi, pomaliza mudzakhala mutabweza pafupifupi 850,000. Kwabwera banki ikuti ikupatsani 600,000 pa 24 peresenti. Mukatenga ya miyezi 24 yomweyo, ya pamwezi itsika kufika pafupifupi 31,700, zonse pamodzi 761,000. Mwapulumutsa pafupifupi 89,000. Koma wogwira ntchito kubankiko akhoza kukuonetsani ya miyezi 48, imene pamwezi ndi pafupifupi 19,560 yokha. Munthu wopanikizika akaona nambala imeneyi amapuma mpweya wabwino n'kusaina pomwepo. Chulukitsani ndi 48: mudzabweza pafupifupi 939,000. Chiwongoladzanja chatsika kuchoka pa 36 kufika pa 24 peresenti, koma mwalipira pafupifupi 89,000 kuposa mukanangokhala ndi ngongole zanu zakale zija. Banki ndi yomweyo, peresenti ndi yomweyo, chasintha ndi kutalika kwa nthawi basi.

Chifukwa chake chimaoneka pa mwezi woyamba. Pa 19,560 ija, 12,000 ndi chiwongoladzanja, ndipo imene yachepetsa ngongole yeniyeniyo ndi 7,560 yokha. N'chifukwa chake munthu amatha chaka akulipira mokhulupirika, kenako n'kudabwa poona sitetimenti kuti ngongole yangosuntha pang'ono.

Sindikunena kuti nthawi yaitali ndi yoipa kwa aliyense. Ngati 35,400 pamwezi ikukusiyani opanda chakudya ndi lendi, ndipo mukumabwereka kwina kuti mukwanitse, kutalikitsa nthawi kungakupulumutseni ku zilango za kuchedwa ndi kulandidwa katundu. Koma muchite zimenezo mukudziwa mtengo wake, ndipo muonetsetse kuti mgwirizanowo ukukulolani kupereka zoposa ya pamwezi kapena kumaliza msanga popanda chindapusa. Zinthu zikayamba kuyenda, muziwonjezera, nthawiyo ifupike.

Musanasaine, funsani zolipira zina zimene sizili mu peresenti ija. Pamakhala ndalama yokonzera ngongole, imene nthawi zina amaidula musanalandire n'komwe. Ikakhala 3 peresenti pa 600,000, ndiye kuti 18,000 yapita kale, ndipo ndalama imene ifike m'manja mwanu siikwana kutseka ngongole zonse zakale. Pamakhalanso inshuwalansi ya ngongole, komanso chindapusa chimene obwereketsa akale ena amalipiritsa mukamaliza nthawi isanakwane. Zonsezi ziwonkhetseni. Pemphani akulembereni nambala imodzi: ndalama zonse zimene mudzakhale mutapereka pofika tsiku lomaliza. Imeneyo muiyerekeze ndi zonse zimene zatsala pa ngongole zakale. Akamazemba kukupatsani nambala imeneyi, dzukani muzipita.

Chenjezo lina ndi la chikole. Ngongole zambiri zing'onozing'ono zilibe chikole. Mukaziphatikiza n'kuika nyumba kapena malo kuti chiwongoladzanja chitsike, mwasandutsa vuto la mafoni ovutitsa kukhala vuto loti banja likhoza kusowa pogona. Chimodzimodzi kupempha mbale kapena mnzanu kuti asaine ngati wokuimirani. Ambiri amaganiza kuti akungochitira umboni, pamene malamulo amati inu mukalephera, iyeyo ndiye alipire. Muuzeni zimenezi mosabisa asanagwire cholembera.

Ndalama yatsopano ikatuluka, lipirani ngongole zakale tsiku lomwelo, kapena bwino koposa, pemphani bankiyo itumize yokha kwa obwereketsawo. Ndalama yogona mu akaunti sabata imodzi imapeza ntchito zina. Kwa aliyense amene mwamulipira tengani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, muisunge. Kenako tsekani makomo amene munkalowera: chotsani mapulogalamu obwereketsa pafoni, tsitsani malire a kirediti kadi kapena muitseke. Kuphatikiza kumalephera kawirikawiri pa chifukwa ichi, osati pa masamu. Ngongole zakale zikafika pa ziro, obwereketsa aja amayambanso kutumiza mauthenga oti mukhoza kutenga ina, ndipo pakatha chaka munthu amapezeka ali ndi ngongole yaikulu ija pamodzi ndi zing'onozing'ono zatsopano. Kumeneko n'kukumba dzenje pofuna kukwirira lina.

Nanga ngati palibe amene akufuna kukupatsani ngongole yophatikiza, kapena amene akufuna ali ndi chiwongoladzanja chokwera kuposa chakale? Pitani kwa obwereketsa anu musanadumphe mwezi, osati mutadumpha itatu. Tengani pepala loonetsa ndalama zimene mumapeza ndi zimene mumagwiritsa ntchito, munene ndalama imene mungakwanitsedi pamwezi. Mungapemphe kuti akutalikitsireni nthawi, achotse zilango za kuchedwa, kapena aimitse kaye chiwongoladzanja kwa miyezi ingapo. Si onse amavomera, koma wobwereketsa amadziwa kuti kupita kukhoti ndi kutuma otolera ngongole kumadya ndalama ndi nthawi. Chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe ndi kusainidwa. Kuzimitsa foni sikuimitsa chiwongoladzanja, komanso m'mayiko ambiri muli mabungwe osunga mbiri ya obwereka, amene mabanki amawafunsa asanabwereketse munthu. Dzina likadetsedwa kumeneko, ngongole yotsika mtengo imene mukanaphatikizira zinazo imakuvutani kupeza. Chenjeraninso ndi anthu olonjeza kuti akufufutirani ngongole kapena akupezerani ina mukayamba mwawapatsa kangachepe. Amenewo amangoonjezera dzina lina pa mndandanda wa amene anakudyerani ndalama.

Pa bajeti sinditalikitsa. Ndalama yobwezera ngongole ichoke tsiku limene mwalandira, zina zonse zikwanire pa zotsala. Muyezo umene ndimaupereka ndi woti zobweza zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene mumapita nazo kunyumba. Zikapitirira theka, kudula zogula pakokha sikungakwanire, pafunika kukambirana ndi obwereketsa kapena kugulitsa katundu amene simukumugwiritsa ntchito. Ndipo ngakhale mukubweza ngongole, muziika padera kandalama kochepa mwezi uliwonse mpaka kakwane zofunika za milungu iwiri kapena mwezi umodzi. Pamasamu zimaoneka ngati kutaya, poti ndalamayo ikanachepetsa chiwongoladzanja. Koma matenda kapena kuwonongeka kwa chida chogwirira ntchito zikabwera mulibe kalikonse, mudzabwereranso kwa wa 10 peresenti pamwezi uja, ndipo 89,000 imene munapulumutsa pophatikiza ikhoza kuthera komweko.