Mandevilla wanga anatsala pang'ono kufa ndi madzi

Nditasamukira kudera lozizira, mandevilla wanga, duwa loyanga lija lochokera ku South America, anayamba kuchita chikasu masamba n'kumayoyoka. Ine ndinkati ndi ludzu, ndiye ndinkangothirira m'mawa uliwonse monga ndinkachitira kotentha kuja. Komatu kumeneko dothi la mumphika linkauma tsiku lomwelo, pomwe kuno limatha sabata yathunthu lili chinyowere.

Nditamuzula ndinapeza mizu ina yakuda bii, yofewa, ikununkha ngati matope a m'dambo. Ndinaidula ndi sizasi, n'kusiya yoyera yokhayokha. Mphika ndinasintha, ndinatenga wadothi wocheperako, wa mabowo pansi, ndipo dothi ndinalisakaniza ndi mchenga wokhakhala. Kambale kapansi kaja, kamene kankangosunga madzi, ndinakachotsa.

Pano ndimayamba ndapisa chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, madzi ayi. Usiku kukamazizira kufika madigiri 10, mphikawo ndimaulowetsa m'nyumba pafupi ndi zenera lolowa dzuwa, feteleza n'kudikira mpaka kunja kutafunda.

Patatha masabata angapo mphukira zinayamba kukulunga kamtengo kake. Maluwa okha chaka chimenecho sanabwere.