Mapedulo amakhula pansi, ndinakonza chonchi

Ndinagula chinjinga chakale cha Raleigh kwa m'bale wina ku Rosettenville konkuno ku Johannesburg, chadzimbiri koma fulemu yake yachitsulo chenicheni, nde yosavuta kuwotcherera. Cholinga changa chinali njinga yayitali yotsika ngati zija anyamata amayenda nazo ku Soweto.

Wowotcherera anadula fulemu kumbuyo nkuonjezera paipi ya 20cm. Tcheni chinafupika nthawi yomweyo, paja chimapita nkubwerera nde pamafunika 40cm yoonjezera, malinki ngati 32 poti linki iliyonse ndi 12.7mm. Ndinangogula tcheni china chotchipa nkulumikiza, zimenezo sizinavute.

Vuto lenileni linali mapedulo abale anga. Njinga itatsika, ndikangokhota pakona pedulo imakhula tala mpaka kuthetheka moto, tsiku lina inandinyamula tayala lakumbuyo ndinatsala pang'ono kugwera mu ngalande, mtima unandipweteka chifukwa ndinali nditapenta kale bwinobwino. Anzanga amati kweza fulemu koma ine ayi, kukongola kwake nkutsikako.

Nditayeza ndinapeza kuti makiranki ake, zitsulo zogwira mapedulo zija, ndi a 170mm. Ndinasaka kanjinga ka ana kakufa nkuchotsako a 140mm, mwamwayi anakwana pa ekiselo yomweyo koma inu muyambe mwayeza kaye musanagule chifukwa sizonse zimagwirizana. Pedulo inakwera ndi 3cm basi koma kukhula kuja kunatheratu. Pamtunda imalemerako kupalasa, nde ndinaika giya yamano ambiri kumbuyo, pano Lamlungu lililonse ndimafika nayo ku Turffontein osatsikapo.