Kugawa Sabata Kunja Kuno: Ntchito, Maloto ndi Tchalitchi

Ambiri a ife tinakwera basi ya ku Joni kapena ndege ya ku UK tili ndi zinthu zitatu m'mutu: kukagwira ntchito, kukapeza chimene tinkachilakalaka kumudzi, kaya ndi nyumba, digiri kapena minibasi, komanso kusataya chikhulupiriro. Chaka chisanathe, ntchito imakhala itameza ziwiri zinazo. Zimayamba pang'onopang'ono. Lachisanu usiku manijala amalemba pa gulu la WhatsApp kuti Lamulungu kwasowa munthu, inu mukaganiza za lendi mumayankha kuti mubwera. Sabata yotsatira amayambira kufunsa inu, poti mwadziwika kuti simukana.

Ndiye yambani ndi tsiku lopuma, ndipo mudziwe zimene malamulo a dziko limene mukukhalalo amanena, chifukwa nthawi zambiri timachita kugwada popempha zinthu zimene ndi zathu kale. Ku South Africa, lamulo la ntchito la 1997 limati maola a pa sabata asapitirire 45 kupatula ovataimu, ndipo munthu apume maola 36 otsatizana sabata iliyonse, kuphatikizapo Lamulungu, pokhapokha mutagwirizana zina ndi abwana. Mukagwira Lamulungu pamene si tsiku lanu la ntchito, malipiro ake ndi owirikiza kawiri. Izi zikukhudzanso achimwene a m'magadeni ndi achemwali ogwira m'nyumba za anthu, ndipo madandaulo amapita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito.

Ku UK malire ndi maola 48 pa sabata akawerengera mongoyerekeza pa masabata 17, maola 11 opuma pakati pa shifiti ndi inzake, ndi tsiku lathunthu pa sabata kapena masiku awiri pa masabata awiri. Ambiri anasainira pepala lovomera kupyola maola 48 tsiku lomwe ankayamba ntchito, osaliwerenga n'komwe. Pepalalo mukhoza kulithetsa polemba kalata. Koma ndikuuzeni chilungamo: ogwira ntchito yosamalira okalamba alibe lamulo lowapatsa Lamulungu, popeza agogo amafuna kusambitsidwa ndi kudyetsedwa tsiku lililonse. Apa chimathandiza n'kukambirana. Musadikire rota, ndandanda wa mashifiti, ituluke kenaka n'kuyamba kudandaula. Pitani kwa manijala mwezi usanayambe, mupemphe Malamulungu awiri pa mwezi, ndipo munene chimene mupereke m'malo mwake, monga Loweruka usiku umene anzanu amauthawa. Abale a Adventist amachita bwino pa nkhaniyi, amanena za Sabata tsiku la intavyu lomwelo, ndipo mnzawo wosinthana naye sasowa. Zimene mwagwirizana zilembedwe pa imelo. Amene visa yawo ili m'manja mwa kampani amaopa kutsegula pakamwa, n'zomveka, koma kupempha kusintha rota mwaulemu si mlandu, ndipo ku ACAS, bungwe lolangiza za pa ntchito, ndi ku Citizens Advice, bungwe lolangiza anthu za ufulu wawo, amalangiza kwaulere.

Za tchalitchi, sankhani mpingo umene mungafikeko mutachokera ku naiti maso ali gwa. Mapemphero a kwanu pa Facebook ndi okoma, makamaka kwaya ikaimba nyimbo zimene munakula nazo, komabe tsiku limene mudzagonekedwe m'chipatala ku Leeds kapena ku Germiston, adzabwere ndi phala ndi anthu amene mumakhala nawo pa benchi limodzi. Akatolika muli ndi Misa ya Loweruka madzulo imene imalowa m'malo mwa ya Lamulungu. A CCAP amene muli ku Scotland musachite chilendo ndi Church of Scotland, ndi amene anatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876, kungoti mapemphero awo ndi aafupi ndipo maimbidwe ake ndi ozizira. Mukazolowera mudzaona kuti ola limodzi limenelo limam'komera munthu wa mashifiti.

Mpingo nawo ukhoza kukudyerani sabata yonse. Magulu athu a Amalawi kunja kuno ndi aang'ono, munthu mmodzi yemweyo mlembi, wa kwaya, wa komiti ya Paper Sunday, ndiyenso wophika nsima ya alendo. Tengani udindo umodzi n'kuugwira bwino. Ndipo mneneri aliyense wokuuzani kuti mufese mbewu ya mapaundi kapena marandi kuti mapepala anu atuluke, muthaweni. Ndalama imeneyo kalipireni loya wovomerezeka wa za imigireshoni.

Maloto amafa chifukwa alibe bwana wowakalipirira. Rota ili ndi manijala, kumudzi kuli foni, koma maphunziro anu palibe amawafunsa. Namwino wophunzira ku Malawi amene akugwira ntchito ya ukeyala (yosamalira okalamba ndi odwala) ku UK, kuti alembetse ku NMC, bungwe la anamwino la kumeneko, nthawi zambiri amafunika kukhoza mayeso a Chingerezi a OET kapena IELTS, kenaka mayeso a unamwino a CBT (a pa kompyuta) ndi OSCE (oonetsa luso la ntchito). Alipo ambiri amene zaka zikupita akunena kuti alemba akapeza mpata. Mpatawo subwera wokha. Lipirani tsiku la mayeso lero, mulilembe pakhoma, mupatule maola awiri m'mawa wa tsiku lanu lopuma foni ili m'chipinda china. Amene muli ku South Africa, yunivesite ya UNISA imaphunzitsa munthu ali kunyumba, ndipo mukhoza kutenga maphunziro ochepa pa chaka malinga ndi thumba.

Povuta kwenikweni ndi pa ndalama, chifukwa apa chikhulupiriro ndi chibale zimakumana. Lemba la 1 Timoteo 5:8, lonena za wosasamala a pabanja pake, timalidziwa tonse, ndipo ena kumudzi amalidziwa bwino kuposa ife. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza ndi chimanga inakwera, mafoni opempha nawo anachuluka, ndipo ambiri mwa opemphawo sankanama. Komabe Yesu pa Luka 14:28 anati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Malipiro akalowa, patulani chopereka, lendi, ndalama ya loto lanu mu akaunti ina yopanda khadi m'chikwama, kenaka ya kumudzi. Ya kumudziyo ikhale yodziwika kuchuluka kwake ndi tsiku lake, ipite kwa munthu mmodzi pa Mukuru kapena njira ina imene mumagwiritsa ntchito, ndipo abale onse auzidwe kuti zopempha zizidzera kwa iyeyo. Sungani kena kapadera ka matenda ndi maliro, kuti uthenga wa pakati pa usiku usakugwetsereni m'ngongole ya katapila.

Ngati mukumanga, mapepala a puloti akhale m'dzina lanu, osati la mlamu, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Simenti ndi malata lipirani mwachindunji kusitolo, malisiti akutumizireni pa foni, ndipo mmisiri azilandira gawo lililonse likatha, maziko, mawindo, denga, mutaona pa vidiyo munthu akuzungulira nyumbayo mbali zonse zinayi.