Nyumba yakale ikalowa madzi musathamangire simenti

Mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, imatha kugwa mpaka Epulo osapumira, amene munalipo mu 2016 mukukumbuka mmene nyumba zinagwera ku Masasa ndi ku Chibavi. Ine mtima umandiwawa kwambiri ndi nyumba zakale za njerwa zootcha, matchalitchi, masukulu, nyumba za mishoni ngati ku Ekwendeni komwe mishoni inayamba mu 1889. Zambiri sizifa ndi madzi ayi, zimafa ndi kakonzedwe kathu.

Madzi akangophwera yambani mwathimitsa magetsi pa meni switchi, kenako zungulirani kunja muone ming'alu. Khoma likapendekeka musalowe, lichirikizeni kaye ndi mapolo a bulugamu. Jambulani pa foni chilichonse musanakhudze, zitseko, mawindo, kayalidwe ka njerwa, chifukwa mmisiri adzafuna kuona mmene zinalili. Matope achotseni akadali ofewa ndi fosholo, akauma amakakamira zedi.

Tsopano apa mpamene anthu ambiri timalakwitsa. Amisiri akale ankamanga ndi dothi kapena laimu, ndiye khomalo limamwa madzi koma limawatulutsanso lokha pang'onopang'ono. Inu mukabwera ndi pulasitala wa simenti kenako penti wa oilo pamwamba, chinyezi chija mwachitsekera mkati, chilibe kotulukira, chimangokwera m'mwamba ndipo pakatha chaka mudzaona pulasitala akufufuma, mukagogoda akulira ngati ng'oma, kuseri kwake njerwa zasanduka ufa. Chonde dikirani. Tsegulani mawindo ndi zitseko zonse, sunthani makabati achoke kukhoma, mphepo izidutsa. Khoma lonenepa limatenga miyezi kuti liume, ndipo ndi kuzizira kwa Juni ndi Julaye kunoko musayembekezere zachangu, ntchito yeniyeni muiyambe cha mu Seputembala. Mbaula musaiyandikize kuti ziume msanga, matabwa amapindika n'kung'aluka.

Pouma pamatuluka zoyera ngati mchere panjerwa. Musatsuke ndi madzi, mcherewo umasungunuka n'kubwereranso mkati, ingopukutani ndi burashi youma n'kusesa.

Likauma, kolokosani dothi lofumbutuka pakati pa njerwa ndipo mumatemo laimu wosakaniza ndi mchenga wamumtsinje, ndowa imodzi ya laimu ndowa zitatu za mchenga. Muziwaza timadzi kwa masiku angapo poti laimu amalimba mochedwa, komanso valani magolovesi, amawotcha manja. Bilidala wanu mwina adzati bwana izi n'zachikale tiyike simenti basi, musagonje. Njerwa zakugwa musataye, zitoleni muzipale zibwerere pomwepo, za masiku ano nthawi zambiri sizifanana saizi ndi zakalezo. Popaka gwiritsani laimu yemweyo.

Onaninso mafelemu ndi matabwa a denga, chiswe chimakonda pachinyontho. Dulani powola pokha n'kulumikiza, chitseko chonse cha mlombwa osachichotsa chifukwa choti chawola kunsi.

Kunja kumbani ngalande madzi azithawa pamaziko, konzani magatala ndi malata odontha. Ndipo ngati nyumbayo ili m'gulu la zotetezedwa ndi boma, musagumule kapena kusintha kanthu musanalankhule ndi a Department of Museums and Monuments, mutha kuyambira kufunsa ku Mzuzu Museum konkuno.