Kutera pa bwalo la Mzuzu ndi kandege kakang'ono

Inu amene mukuphunzira kuulutsa tindege tating'ono ngati Cessna 172, dziwani kuti ngozi zambiri za ndege zoterezi zimachitika potera. Kawirikawiri anthu amatuluka amoyo, koma tayala lakutsogolo litathyoka, propela itapindika, mwinanso ndege itagona chagada mu udzu.

Kuwerengera kuyambe musananyamuke ku Lilongwe, osati muli kale pamwamba pa Katoto. Bwalo la Mzuzu lili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo mpweya umapepuka, ndiye ngakhale singano ya liwiro ikuloza pa 65 knots (knots ndi muyeso wa liwiro la ndege ndi mphepo) monga mwa masiku onse, ndege imakhala ikuthamanga kuposa pamenepo ndipo imadya gawo lalitali la msewu woterapo isanaime. Buku la ndegeyo lili ndi tebulo la mitunda. Litseguleni.

Mukafika, zungulirani kaye muone windsock, kathumba kansalu kosonyeza kumene mphepo ikulowera, kenako terani moyang'anizana ndi mphepo. Buku la 172 limati mphepo ikamakankha kumbuyo, pa 2 knots iliyonse muwonjezere mtunda woterera ndi 10 peresenti. Ikamawomba cham'mbali, tsitsani phiko la mbali imene ikuchokera, phazi la mbali inayo lipondereze rudder (chiwongolero cha kumchira choyendetsedwa ndi mapazi) kuti mphuno iloze pakati pa msewu, tayala lakumphepo liyambe kugunda. Opanga ndegeyi anaiyesa pa mphepo yam'mbali ya 15 knots, koma ine wophunzira wa dzulodzulo sindingamulole kuyandikira pamenepo. Ponyaninso maso pa msewu wonse. Bwaloli lili pakati pa tauni, galu kapena munthu wa njinga akhoza kudutsa nthawi iliyonse.

Pagona nkhani ndi pa liwiro. Ambiri amaopa kuti ndege ingawagwere, ndiye amabwera akuthamanga kwambiri. Ndege yothamanga simafuna kukhala pansi, imangoyandama, msewu nkumatha. Woyendetsa akaona kumapeto kukuyandikira amakankha chiwongolero kutsogolo kuti aikakamize. Tayala lakutsogolo limayamba kugunda, ndege nkudumpha, iye nkukankhanso, ndipo ulendo wachiwiri imadumpha kuposa poyamba, ngati chule. Ikafika pachitatu, tayala lija lathyoka kale. Silinapangidwe kuti lisenze ndege yonse, ntchito imeneyo ndi ya matayala awiri akuluakulu. Choncho pafupi ndi pansi chotsani mphamvu ya injini, kokani chiwongolero pang'onopang'ono, maso akhale kutali kumapeto kwa msewu, mudikire ndege ikhale yokha.

Ikadumpha kwambiri, kapena mwadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a msewu matayala asanagunde, musalimbane nayo. Perekani mphamvu yonse, tsekani carb heat (chotenthetsera mpweya wolowa mu injini) ngati ilipo, bwezani flaps (timapiko totsitsidwa kumbuyo kwa mapiko potera) pa madigiri 20, otsalawo muziwachotsa pang'onopang'ono liwiro likakwanira. Mukawachotsa onse nthawi imodzi ndege imatsika mwadzidzidzi. Phazi lakumanja likhale pa rudder chifukwa mphuno idzafuna kuthawira kumanzere. Imeneyi ndiye go-around, ndipo amene amaiona ngati yochititsa manyazi pamaso pa anthu a pabwalo sindikwera naye ndege. Apaulendo anu auzeni musanayambe kutsika kuti mwina muzungulira kawiri, asadzakuwe injini ikabangula.

Nkhungu ndi nkhani ina. Mu Juni ndi Julayi mapiri a Viphya nthawi zina amabisala tsiku lonse, mvula yowaza ikugwa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo ili yoipa, anthu onse 9 anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Inali ya injini ziwiri, yaikulu kuposa zathuzi. Imbirani a pabwalo la Mzuzu musananyamuke akuuzeni mitambo ili pati, ndipo thirani mafuta okwanira kubwerera ku Lilongwe kapena kupitirira ku Karonga. Mukaona kuti mukutsikatsika kuti mukhale pansi pa mtambo, mitengo ya paini ikuoneka umodziumodzi, tembenukani pomwepo kumbuyo kusanatsekeke.