Momwe mungakwezere sukulu yanu ya mkombaphala osadikira tsiku loti a Social Welfare abwere

Tonse tikudziwa zomwe zimachitika kukamveka kuti a Social Welfare akubwera kudzayendera CBCC, sukulu ya mkombaphala yoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi. Bwalo lisesedwa mmamawa, ndowa yosambira m'manja ibwerekedwa kwa aneba, ana aphunzitsidwa nyimbo yolandirira alendo, phala tsiku limenelo lithiridwa shuga wambiri, koma galimoto ikangotembenuka basi zonse zabwerera mwakale. Amene amaluza apa ndi mwana wa zaka 3 kapena 4 amene azibwerabe mawa ndi mkuja. Ndiye ngati muli mu komiti, ndinu mlezi kapena muli ndi kanazale yanu mtauni, yesani njira iyi yodziyesa nokha mwezi ndi mwezi.

Yambani ndi kupita ku ofesi ya Social Welfare kuboma kwanu. Sukulu za mmera mpoyamba zili pansi pa unduna woona za jenda, ndipo ofesi imeneyi ndi yomwe imalembetsa ndi kuyendera malo osungirako ana. Ngati simunalembetse, funsani zofunika kuti mulembetse. Ngati munalembetsa kale apempheni akuuzeni zomwe amayang'ana akabwera, mulembe mu kope. Palibe chochititsa manyazi apa, mwana wa sukulu amafunsa silabasi asanalembe mayeso.

Mukabwerako khalani pansi komiti, alezi ndi makolo awiri kapena atatu omwe sali mu komiti, makamaka aja olankhula mosapsatira. Tengani pepala lalikulu, mulembe zinthu zoti muziziyesa: chitetezo cha malo, ukhondo, chakudya, alezi, masewera ndi zophunzira, marekodi, komanso mgwirizano ndi makolo. Chilichonse muzichipatsa giredi, chofiira ngati zinthu zili zoopsa, chachikasu ngati mukuyesetsa koma simunafike, chobiriwira ngati zili bwino. Ku Australia boma limachita zimenezi kuyambira 2012, limayesa malo osungira ana pa magawo 7 nkupereka giredi, ndipo giredi imeneyo imayenera kuikidwa poonekera kuti kholo lililonse liione. Ifenso palibe chotiletsa kumata pepala lathu pachitseko.

Tsopano yendani malo onse, osati kukhala pa benchi nkumangofunsa mlezi. Gwadani pansi muone malowo momwe mwana amawaonera. Moto wophikira phala uli patali bwanji ndi posewerera? Pali dzenje, chitsime chosavindikira, msewu opanda mpanda? Lowani mchimbudzi, ndipo apa ndikupemphani musathamange. Bowo la chimbudzi cha akulu mwana wamng'ono amaliopa, ndiye amakadzithandiza kuseri, ntchentche nkumabwera pa mbale za phala, kenako mumva ana atatu akutsegula m'mimba sabata imodzi. Bowo likhale laling'ono, likhale ndi chivindikiro, ndipo panja pakhale mpondagiya wokhala ndi madzi ndi sopo, sopo akasowa ngakhale phulusa. Pondani mpondagiyayo muone ngati mukutuluka madzi, chifukwa zigubu zambiri zimangolendewera zouma.

Pa chakudya funsani kuti mwezi wathawu ana anadya masiku angati. Phala likatha ana amasiya kubwera, izi aliyense amene anagwirako pa CBCC akudziwa. Ngati mumadalira zopereka za makolo zokha, pemphani amfumu kamunda koti mulime chimanga, soya ndi mtedza, phala la mgaiwa losakaniza soya kapena nsinjiro limamanga thupi kuposa la ufa woyera.

Nkhani ya alezi ndiye mtima wa zonse. Mutha kukhala ndi nyumba ya malata yopentedwa bwino koma ngati mlezi mmodzi ali ndi ana 60 ndipo wagwira kabango m'manja, giredi yake ndi yofiira basi. Khalani mkalasi theka la ola osalankhula. Kodi mlezi akuwaitana ana ndi maina awo, akuwamvetsera akamayankhula, mwana akalira akumunyamula kapena akumukalipira? Mwana wolumala akusewera ndi anzake kapena wakhala payekha pakona? Ana amsinkhu uwu amaphunzira posewera, kuumba ng'ombe za dongo, kuwerenga zitsekerero za mabotolo, nthano, nyimbo, katungwe, osati kuwaloweza A B C mmawa onse ngati ali Sitandade 3. Alezi omwe sanapiteko ku maphunziro apatseni maina awo a Social Welfare kuti mwayi ukapezeka awakumbukire. Ndipo tisaiwale kuti ambiri mwa amayi amenewa amagwira mongodzipereka, komiti iwaganizire, kaya kuwalimira munda kaya kandalama ka sopo, apo ayi mudzangomva kuti asiya.

Marekodi sachedwetsa. Rejisitala ya tsiku ndi tsiku, dzina ndi nambala ya kholo, kope la ndalama ndi ufa. Itanani alangizi a zaumoyo azibwera kudzaona makadi a kusikelo, katemera komanso kuyeza ana ngati akunyentchera. Lembaninso pakhoma nambala ya 116, ndi yaulere, yonenera nkhanza zochitira ana.

Mukamaliza musayese kukonza zonse kamodzi, mutopa. Sankhani zofiira ziwiri, lembani amene achite, tsiku lomaliza ndi komwe zipangizo zichokere, mwachitsanzo abambo atatu akumbe chimbudzi cha ana lisanathe Loweruka la sabata ya mawa, amfumu apereke mitengo. Pakatha mwezi yendaninso ndi pepala lomwe lija musinthe magiredi pamaso pa makolo.

A Social Welfare akabwera musabise zofiirazo. Aonetseni mapepala a miyezi yonse ndi zomwe mwakonza, muwapemphe alembe zomwe apeza mu buku la alendo ndi kusaina, ndipo zomwe alembazo zilowe pa pepala la mwezi wotsatira.